Sola ya Padenga ndi Sola ya Kuthambo

Ku Kaluluma, kumpoto kwa boma la Kasungu, ndalama za fodya zikatuluka ku msika wa Chinkhoma, sola imakhala m'gulu la katundu woyamba kugulidwa. Panelo amaikhazika padenga la malata, ena amangoitsamiritsa pampando pabwalo masana n'kuilowetsa m'nyumba madzulo poopa akuba. Mawaya awiri amatsikira ku batire, ndipo pamenepo pamachokera kuwala kwa usiku, wailesi ndi kutchaja mafoni a mudzi wonse. Mwini wake amadandaula za fumbi la mwezi wa Okutobala, za mitambo ya mu Febuluwale ndi za batire lotha mphamvu, koma sadandaulapo za mpweya wozungulira panelo yake. Pamwamba pa denga lomwelo, makilomita mazana ngakhale zikwi, pakuyenda mapanelo ena otambasuka ngati mapiko a nkhwazi, amene akudyetsa masetilaiti otibweretsera zithunzi za nyengo, kanema ndi intaneti. Ambiri timaganiza kuti sola ya kuthambo ndi yomweyi ya padenga, kungoti ili kopanda fumbi ndi mitambo, choncho ili pabwino. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti kuganiza kotereku kumaphonya chinthu chachikulu. Panelo ya padenga imalandira mphatso ziwiri zaulere zimene sitiziwerengera, mpweya ndi nthaka. Kuthambo ziwirizi kulibe, ndipo m'malo mwake muli chinthu chimene chimalowerera pa kayendedwe ka magetsi a panelo.

Tiyambe ndi mphatso ziwirizo. Mpweya umene timapuma sulola magetsi kudutsa mwa iwo wokha. N'chifukwa chake waya wosendeka kunsonga ukhoza kulendewera pakhonde tsiku lonse batire osatha, bola usakhudze unzake. Kuti mpweya wouma ugonje n'kulola magetsi kudumpha mpata wa sentimita imodzi, pamafunika mavoliti pafupifupi 30,000, ndipo izi timaziona mphezi ikang'anima mvula yoyamba. Mphatso yachiwiri ndi nthaka. Mmisiri wamagetsi akamalumikiza nyumba, amakhomera chitsulo pansi n'kumangapo waya, kuti magetsi osochera akhale ndi kolowera. Nthaka ndi yaikulu moti chilichonse chimene ungaithire sichiisintha, ndiye tikamati waya uli ndi mavoliti 230 timakhala tikuyerekeza ndi nthakayo. Setilaiti ilibe pokhomera chitsulo. Mawaya ake obwerera amamangidwa ku thupi lake lomwe, koma thupilo ndi laling'ono ndipo likungolendewera. Funso loti thupi la setilaiti lili pa mavoliti angati poyerekeza ndi malo amene ikudutsamo silingayankhidwe ndi amene anaipanga okha. Malowo nawo amayankhapo.

Malo amenewa si opanda kanthu monga momwe timawaganizira. Kuyambira pa makilomita pafupifupi 80 kupita m'mwamba, kuwala kwamphamvu kwa dzuwa kumamenya tizidutswa ta mpweya wochepa umene ulipo n'kuthothola maelekitironi, tinthu tating'ono kwambiri tokhala ndi mphamvu ya negetivu. Chotsalacho chimakhala ndi mphamvu ya pozitivu, ndipo chimatchedwa ayoni. Msakanizo wa maelekitironi ndi maayoni oyenda momasuka ndi umene wasayansi wa ku America, Irving Langmuir, anaupatsa dzina loti pulazima mu 1928. Zaka zinayi m'mbuyo mwake, mu 1924, Edward Appleton wa ku Britain anali atasonyeza kuti kumwambaku kuli chophimba chimene chimabweza mafunde a wailesi. Aliyense amene anamverapo wailesi yakutali ikumveka bwino usiku n'kuzimiririka dzuwa likatuluka anakumana nacho kale chophimbachi, ngakhale sanachidziwe dzina. Pa mtunda wa makilomita 300 kapena 400, m'kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse mumapezeka maelekitironi pakati pa 100,000 ndi 1,000,000. Poyerekeza ndi mpweya wa pansi pano chiwerengerochi n'chosanunkha kanthu, koma chinsinsi chili pakuti tinthuti tili ndi mphamvu ya magetsi ndipo tikhoza kuyenda. Pulazima imanyamula magetsi. Kuika panelo m'menemo kuli ngati kumiza batire lokhala ndi mitu yosaphimba m'madzi a mchere wochepa.

Zikanakhala kuti mapanelo a kuthambo amapanga mavoliti ochepa ngati a padenga, vutoli likanakhala laling'ono. Panelo yotchajira batire la mavoliti 12 nthawi zambiri imakhala ndi timagalasi 36 tolumikizidwa motsatizana, kalikonse kopereka pafupifupi theka la voliti. Vanguard 1, setilaiti yoyamba kugwiritsa ntchito sola, yomwe inaponyedwa mu 1958, inkangofuna mphamvu yokwanira kawailesi kake kakang'ono, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake masetilaiti ambiri ankayendera mavoliti 28. Koma ntchito zitakula, mphamvu yofunika inakulanso. Ukafuna kutumiza mphamvu yambiri pa mavoliti ochepa, umafunika maampu ambiri, ndipo maampu ambiri amatenthetsa waya n'kutaya mphamvu panjira, pokhapokha wayayo akhale wonenepa. Ukawirikiza kawiri mavoliti, maampu amatsika ndi theka ndipo zotayika zimatsika kanayi. Ichi n'chifukwa chake ESCOM imayendetsa magetsi pa mavoliti 132,000 m'mawaya a mtunda wautali, n'kumawatsitsa akayandikira nyumba za anthu. Kuthambo chifukwachi chimakula, popeza kilogalamu iliyonse ya waya wa kopa imalipiridwa pokweza roketi. Motero m'zaka za m'ma 1990 masetilaiti akuluakulu a mauthenga anafika pa mavoliti 100, ndipo International Space Station inamangidwa ndi mapanelo a mavoliti 160: timagalasi 400 pa mzere umodzi, mizere 82 pa phiko limodzi. Walira mvula walira matope. Pokweza mavoliti kuti apepuze mawaya, amisiri anaitana pulazima kuti ilowe m'nkhani.

Kuti timvetse zimene zimachitika pafupi ndi dziko, tiganizire wakabaza amene akuthamanga madzulo ngumbi zitatuluka. Ngumbi zimauluka mwaulesi, ndiye zimangomumenya pachifuwa ndi kumaso, kumene akulowera, kumsana sizimupeza. Koma atati aputa njuchi, zimene zimathamanga kuposa njinga, zikhoza kumufika kuchokera mbali zonse. Setilaiti ya m'munsi imathamanga makilomita pafupifupi 7.7 pa sekondi. Maayoni a okosijeni, omwe ndi olemera kuposa elekitironi pafupifupi maulendo 29,000, amayenda kilomita imodzi yokha pa sekondi. Iwowa ndiwo ngumbi. Maelekitironi amathamanga makilomita oposa 100 pa sekondi. Iwowa ndiwo njuchi. Tsono panelo ili ndi mbali ya pozitivu, imene imakoka maelekitironi, ndi mbali ya negetivu, imene imakoka maayoni, ndipo timawaya tolumikiza timagalasi tili poyera. Popeza setilaiti ilibe kotayira magetsi, lamulo lake ndi limodzi: zolowa za negetivu zifanane ndi zolowa za pozitivu. Maelekitironi ndi osavuta kukoka, choncho kachigawo kakang'ono ka panelo kamakwanira kuwatola, pamene maayoni amafuna malo aakulu. Mapeto ake, mzere wonse umamira ngati chipika chonyowa m'madzi: gawo limodzi mwa magawo khumi limatsala pamwamba pa mulingo wa pulazima, ena asanu ndi anayi ali pansi pake. Ndipo ngati thupi la setilaiti lamangidwa ku mbali ya negetivu, monga momwe ambiri amachitira, thupi lonse limakokeredwa pansi limodzi ndi mbaliyo.

Apa m'pamene panagona mantha a amisiri a International Space Station. Masamu awo ankasonyeza kuti thupi la sitesheniyo likhoza kutsika kufika pa mavoliti pafupifupi 140 pansi pa pulazima. Zitsulo za aluminiyamu za kunja kwake zinakutidwa ndi kachikopa kopyapyala kosadutsa magetsi, koteteza ku kutentha, ndipo pa mavoliti otere kachikopako kakhoza kubooka n'kumathetheka. Panalinso nkhawa ya munthu wotuluka kunja atavala suti yokhala ndi zitsulo, thupi lake lili ndi thukuta. Yankho lawo linali kupanga nthaka yoyenda nayo. Mu Okutobala 2000 anamangapo zida ziwiri zimene zimatulutsa mpweya wa xenon wosandutsidwa pulazima, kuti maelekitironi ochuluka azitulukira pamenepo, ndipo malire amene anaika anali mavoliti 40. Mapiko aakulu oyamba anafika mu Disembala chaka chomwecho. Atayeza, anapeza kuti ngakhale zidazo zitazimitsidwa, sitesheniyo sinkatsika kwambiri monga ankaopera. Kawirikawiri inkangofika pa mavoliti makumi awiri kapena atatu. Chifukwa china chinali chakuti galasi lophimba timagalasi ta sola limapitirira m'mphepete, ndipo likadzaza ndi mphamvu ya negetivu limatsekereza njira ya maelekitironi. Mu Ogasiti 2006 anamangapo chida china choyezera bwino, chimene chinaonetsa kuti mavoliti amadumpha kwa kanthawi sitesheni ikamatuluka mumthunzi wa dziko, pamene mapanelo ozizira ayamba kugwira ntchito mwadzidzidzi. Palinso gwero lina losiyana ndi dzuwa: chitsulo chachitali chikamadula mphamvu ya maginito ya dziko pa liwiro limenelo chimapanga pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a voliti pa mita iliyonse, ngati dainamo ya njinga, ndipo sitesheniyo ndi yotambalala mamita 109.

Mbali ziwiri za panelo zili ndi matenda osiyana. Ku mbali ya pozitivu matenda ake ndi kudontha: maelekitironi okokedwa kuchokera mu pulazima amatseka njira yachidule imene sidutsa m'zida za setilaiti, ndiye mphamvu ina imatayika ngati madzi a m'paipi yobooka. Pa mavoliti ochepa kudonthaku n'kosadetsa nkhawa. Koma mavoliti akapitirira zana limodzi kapena awiri pamwamba pa pulazima, maelekitironi omenya galasi amathothola anzawo pagalasipo, ndipo galasi lonse limayamba kuthandiza kutola, ngati kuti kabowo kakula mwadzidzidzi. Ku mbali ya negetivu matenda ake ndi kuthetheka. Pamene chitsulo, galasi ndi pulazima zakumana, galasi limalandira maayoni n'kukhala pafupi ndi mulingo wa pulazima, pomwe kawaya kamene kali pambali pake kali pansi kwambiri. Mpata wake ndi wochepa kuposa milimita, choncho mavoliti mazana awiri okha akhoza kukoka maelekitironi kuchokera m'chitsulo mpaka mbaliwali kubuka. Izi sizinangoganiziridwa pa pepala. NASA inatumiza zoyesera zotchedwa PIX mu 1978 ndi mu 1983, kenako SAMPIE pa chombo cha Columbia mu Marichi 1994, ndipo chaka chomwecho asilikali a m'mlengalenga a ku America anaulutsa PASP Plus. Zonsezi zinaonetsa chinthu chimodzi: pali malire a mavoliti amene ukawadutsa, panelo imayamba kuthetheka, ndipo pulazima ikachuluka kuthethekako kumachitika pafupipafupi.

Kumtunda kwenikweni, pa makilomita 35,786, kumene kumakhala masetilaiti amene madishi a kanema amayang'anako osasuntha, nkhani imatembenuka. Pulazima ya kumeneko ndi yochepa kwambiri, mwina kanthu kamodzi m'kabokosi kaja ka sentimita, koma nthawi zina imatentha koopsa. Dzuwa likavundula mphamvu ya maginito ya dziko, khamu la maelekitironi amphamvu limathiridwa kuchokera mbali ya usiku, ndipo masetilaiti amene ali pakati pa usiku ndi mbandakucha ndiwo amakumana nalo. Apa mavoliti a panelo si amene amayambitsa vuto. Maelekitironiwo amadzaza thupi lonse. Setilaiti ya ATS-6, yomwe inaponyedwa mu 1974, inayezapo mavoliti 19,000 pansi pa pulazima ili mumthunzi wa dziko. Kudzaza kokha sikupha, monga mbalame siifa pokhala pa waya umodzi wa ESCOM. Chimene chimapha n'kusiyana. Kuwala kwa dzuwa kumathothola maelekitironi pa malo amene kwawalira, ndiye mbali yowala imapungulako katundu wake pomwe mbali yamthunzi ikupitiriza kudzaza. Galasi la panelo limayang'ana dzuwa nthawi zonse ndipo silidutsa magetsi, choncho limatsalira pamwamba pamene thupi ndi timawaya ta pansi pake zikutsika. Kusiyanako kukafika pa mavoliti mazana angapo, mbaliwali imabuka pamalo aja okumanirana zitatu. N'chimodzimodzi ndi bulangete la nayiloni limene limathetheka mumdima mwezi wa Julayi kukauma, kungoti bulangete la setilaiti ndi lalikulu mamita makumi. Asilikali a ku America atataya setilaiti ya mauthenga mu 1973, anatumiza ina yotchedwa SCATHA mu Januwale 1979 kuti ikangofufuza za vutoli.

Mbaliwali yoyambayi imatha m'kamphindi kosakwana kuphethira, ndipo payokha imangowononga pang'ono kapena kusokoneza makompyuta a m'kati. Choopsa ndi chimene chingatsatire, ndipo amene angachimvetse msanga ndi wowotcherera zitseko pa Nkhamenya. Iye amagogoda ndodo yake pachitsulo kamodzi kuti moto uyambe. Ukayamba, amaikweza pang'ono, ndipo moto umapitirira kudumpha mpatawo chifukwa makina akuudyetsa. Pa panelo, mizere ya timagalasi imapindidwa uku ndi uku kuti ikwane, moti kagalasi koyamba ka mzere kakhoza kugundana mapewa ndi komaliza, mpata wake milimita imodzi, kusiyana kwake mavoliti 100. Mbaliwali yoyamba ikabukira mumpata umenewo, imasiya kamtambo ka pulazima kolumikiza mbali ziwirizo, ndipo panelo yeniyeniyo imasanduka makina owotcherera. Moto ukakhalitsa umapsereza pulasitiki ya Kapton imene timagalasi tamatidwapo, pulasitikiyo n'kusanduka khala, ndipo khala limadutsa magetsi. Shoti imeneyo siichoka, chifukwa dzuwa silingazimitsidwe. Mu 1997 masetilaiti awiri atsopano a mavoliti okwera, Tempo 2 ndi PAS-6, anataya gawo la mphamvu zawo patangopita nthawi yochepa, ndipo kufufuza kunaloza ku shoti ya mtundu umenewu. Panelo ya Terra, setilaiti yoyang'ana nthaka, moto ndi zomera, itayesedwa pansi pano inapsa momwemonso, ndipo anaikonza isanaponyedwe mu Disembala 1999. Mu Okutobala 2003 setilaiti ya ku Japan ya ADEOS-II itadutsa m'dera la maelekitironi amphamvu kufupi ndi nsonga ya dziko, mphamvu yake inatsika kuchoka pa makilowati asanu ndi limodzi kufika pa imodzi, chifukwa cha moto umene unafalikira m'mtolo wa mawaya ochokera ku panelo. Inafa isanathe chaka.

Wina wodziwa zamagetsi akhoza kutsutsa kuti kumene kulibe mpweya sikungakhale mbaliwali, popeza mphezi ndi moto wa wowotcherera zonse zimadutsa mumpweya. Kutsutsaku kuli ndi maziko, chifukwa malo opanda kanthu kwenikweni amatchinga magetsi bwino kwambiri. Koma pamwamba pa panelo sipakhala popanda kanthu. Galasi, guluu ndi pulasitiki zimasunga chinyontho ndi mipweya ina imene zinamwa pansi pano, ndipo maelekitironi oyamba akathothoka m'chitsulo n'kumenya m'mphepete mwa galasi, amaimasula. Mbaliwali imadzipangira mpweya wake, ndipo ikayamba imaonjezerapo nthunzi ya chitsulo chosungunuka. Umboni wake ndi wakuti mapanelo oyesedwa m'zipinda zopopedwa mpweya amathetheka kwambiri poyamba, kenako n'kumachepa chinyontho chikamatha. Tinganene kuti setilaiti imanyamuka ndi nkhuni zake zomwe.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa apa. Setilaiti ikawonongeka, kawirikawiri palibe amene amaitsitsa kuti aione, ndiye tingadziwe bwanji kuti ndi pulazima, osati kamwala kouluka, kapena waya womangidwa molakwa kufakitale? Komanso nkhani ya International Space Station ikuonetsa kuti akatswiri anakokomeza ngozi. Ndipo si vuto lililonse lochokera ku dzuwa limene ndi la magetsi: mu Febuluwale 2022 masetilaiti 38 mwa 49 a Starlink anagwa chifukwa mkuntho wa dzuwa unatupitsa mpweya wakumwamba n'kuwakoka, mapanelo awo alibe mlandu. Zonsezi n'zoona, ndipo ziyenera kutiphunzitsa kusathamangira kuweruza. Komabe umboni ulipo wa mitundu itatu umene umagwirizana. Woyamba ndi nthawi: zovutazi zimaunjikana pamene zida zoyezera zikuonetsa maelekitironi amphamvu, ndiponso pa maola a pakati pa usiku ndi m'mawa, pomwe kamwala kapena kulakwitsa kwa mmisiri sikusankha ola. Wachiwiri ndi kubwereza: zimene zinaoneka pa Tempo 2 ndi ADEOS-II zinachitikanso m'zipinda zoyesera ndi zipangizo zofanana. Wachitatu ndi mankhwala: mapanelo opangidwa motsatira maphunzirowo anachepetsa vutoli. Kafukufuku wa bungwe la Aerospace Corporation wa m'chaka cha 1999, amene anasanthula zovuta pafupifupi mazana atatu zobwera chifukwa cha malo a kuthambo, anapeza kuti zoposa theka zinachokera ku kudzaza ndi kuthetheka kwa magetsi. Ponena za sitesheni ija, kulakwitsa kwa masamu sikunasonyeze kuti pulazima ilibe mphamvu. Kunasonyeza kuti kakusiyana ka milimita m'kapangidwe ka galasi kakhoza kusintha mavoliti a chinthu chachikulu ngati bwalo la mpira, ndipo ichi n'chifukwa choyezera m'malo mongokhulupirira.

Wotsutsa wachitatu angafunse kuti bwanji osangokutira chilichonse, monga momwe timakulungira tepi pa waya wosendeka, kapena kubwerera ku mavoliti 28. Kubwerera n'kotheka kwa timasetilaiti tating'ono, koma kwa yaikulu yofuna makilowati khumi kapena makumi awiri, kulemera kwa mawaya kungadye phindu lonse. Kukutira nako kuli ndi msampha wake. Chinthu chosadutsa magetsi ndicho chimasunga maelekitironi pamalo amodzi, ndiye kumtunda kuja kukutira kwambiri kumaonjezera malo odzaza. Pa ADEOS-II chimene chinadzaza chinali chofunda cha mawaya chimene sichinalumikizidwe ku thupi la setilaiti. Kachiboo kamodzi pa chokutira, kobooledwa ndi kamwala kapena kutentha ndi kuzizira kosinthana maulendo pafupifupi 16 pa tsiku pa setilaiti ya m'munsi, kamasonkhanitsa mphamvu yonse pamalo amodzi. Choncho nzeru imene yapambana ndi yogawa njira. Amisiri amakonza mizere kuti timagalasi toyandikana tisasiyane mavoliti ambiri, amakuza mipata kapena kuidzaza ndi guluu wofewa, amaika madayodi, tizida tolola magetsi kudutsa njira imodzi yokha, kuti mizere ina isathire maampu ake pa moto wa mzere umodzi, ndipo ena amapaka galasi kachikopa koonekera koma kodutsa magetsi, kuti katundu wake azitsikira ku thupi pang'onopang'ono. Chitsulo chilichonse chimamangidwa ku chinzake kuti pasakhale cholendewera chokha. Mu 2011 bungwe la ISO linatulutsa muyezo wa 11221 wofotokoza momwe panelo iyenera kuyesedwera isanapite. Mlimi wa fodya wa m'balani amaidziwa nzeru imeneyi: moto sauthamangitsa, chifukwa popanda moto fodya sauma, koma amaupatsa mipope yoyendamo ndipo amaonetsetsa kuti tsamba louma lisagwere pamenepo.

Kutsutsa komaliza n'kwa kwathu kuno. Fodya wako ndi amene ali pamphuno; dziko limene midzi yake yambiri ilibe magetsi lingataye bwanji nthawi ndi mbaliwali za kuthambo? Yankho ndi lakuti mapanelo amenewo ali kale pamphuno pathu. Zithunzi zimene a zanyengo amagwiritsa ntchito polosera mvula yobzalira, ndiponso zimene zinkaonetsa njira ya namondwe wa Freddy asanafike kum'mwera kwa dziko lino mu Marichi 2023, zimachokera ku masetilaiti monga Meteosat, amene ali kumtunda kuja kwa maelekitironi otentha. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, imayenda pa makilomita mazana angapo okha, m'kati mwa pulazima yochuluka. Utali wa moyo wa setilaiti umalowa mu mtengo umene timalipira. Anansi athu nawo ayamba kale. Kasetilaiti koyamba ka Zimbabwe, ZIMSAT-1, kanatulutsidwa kuchokera ku International Space Station mu Disembala 2022, ndipo kanamangidwa ndi amisiri a dzikolo pa Kyushu Institute of Technology ku Japan. Kameneko n'ka mavoliti ochepa, kosaopsezedwa kwenikweni ndi mbaliwali, koma sukuluyo ndi imodzi mwa malo otsogola pa dziko lonse poyesa mapanelo, ndipo kasetilaiti kake ka Horyu-II kanapanga mavoliti oposa 300 kuthambo mu 2012. Ku South Africa, bungwe la SANSA linatsegula mu Novembala 2022 malo ake a ku Hermanus oyang'anira nyengo ya kuthambo usana ndi usiku. Tsiku limene Malawi adzagule kapena kubwereka gawo la setilaiti, padzafunika munthu wochokera ku yunivesite ya MUST kapena MUBAS wodziwa kufunsa kuti panelo yake ndi ya mavoliti angati, yamangidwa ku mbali iti, ndipo inayesedwa motani.

Munthu woteroyo sayambira patali. Ku Wimbe, m'boma lomweli la Kasungu, William Kamkwamba anayamba ndi dainamo ya njinga ndi mabuku a m'kalaibulale, ndipo lamulo loyendetsa dainamo imeneyo ndi lomwe limapanga mavoliti m'zitsulo za International Space Station. Mwana wa ku Kaluluma amene amalumikiza batire la bambo ake amadziwa kale kuti waya wofiira ndi wakuda sayenera kukumana, kuti waya woonda umatentha, ndi kuti shoti imasiya khala. Chimene sanaphunzitsidwe n'chakuti mawaya ake awiriwo amalekanitsidwa ndi mpweya umene sauona, ndipo magetsi osochera amamezedwa ndi dothi limene waimapo. Akadzazindikira zimenezi, adzaona kuti panelo siigwira ntchito yokha. Imagwira pamodzi ndi malo amene ili. Padenga la malata malowo amakhala chete n'kumathandiza. Kuthambo malowo amatola maelekitironi, amabweza maayoni, amasankha mavoliti a thupi lonse, ndipo mmisiri amene sanawaike pa chithunzi cha mawaya ake wajambula theka lokha la njira ya magetsi.